Kodi mtengambali akwere levulo pompo, kapena ayambe wapita kwa mphunzitsi?

Funso la lero lachokera ku Dedza, kwa mphunzitsi wina wa sekondale. Iye ali ndi gulu la anthu asanu amene amakumana Loweruka lililonse madzulo kusewera Dungeons & Dragons, mtundu wa 2014, masewero a patebulo amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani yopeka, wotchedwa mtengambali, ndipo iyeyo ndiye DM, woyendetsa nkhani. Mwezi watha atengambali onse anakwanitsa mapointi okwerera levulo 5 (levulo ndi mlingo wa mphamvu za mtengambali) ali m'kati mwa phanga. Anagona usiku umodzi, kutacha wamatsenga anadzuka akudziwa kuponya Fireball, matsenga a moto wophulika, wankhondo nayenso akutema kawiri pamene dzulo lake ankatema kamodzi. Aphunzitsiwa akuti zinawanyansa, poti mwana salowa Fomu 3 chifukwa choti wagona bwino. Analamula kuti kuyambira pamenepo aliyense azipita kwa mphunzitsi wa m'nkhanimo ndi kulipira asanakwere. Tsopano awiri akunyinyirika, mmodzi wati sabweranso. Akufunsa ngati alakwa.

Aphunzitsi, chimene chinakunyansani ndi chenicheni, ndipo simunayambe ndinu kuchiona. Koma mankhwala mwawapaka pamalo pamene palibe bala. Ndikufotokozereni kumene lamulo lanulo linachokera, chifukwa mukadziwa chimene ankafuna amene analiyamba, muona kuti patebulo panu vuto ndi lina.

Masewerawa anatuluka koyamba mu 1974, olemba ake Gary Gygax ndi Dave Arneson, ku America. Mu 1979 Gygax anatulutsa buku la oyendetsa masewero la Advanced Dungeons & Dragons, ndipo m'menemo ndimo muli lamulo la maphunziro limene anthu amakanganirana mpaka lero. Mtengambali akakwanitsa mapointi sankakwera yekha. Ankayenera kupeza womuphunzitsa wa ntchito yomweyo koma womuposa, n'kulipira ndalama zagolide 1,500 kuchulukitsa ndi levulo imene ali, pa sabata iliyonse ya maphunziro. Wankhondo wa levulo 4 ndiye kuti 6,000 pa sabata. Masabatawo ankayambira imodzi kulekeza anayi, ndipo wodula chiwerengerocho anali DM, potengera mmene wosewerayo wachitira: wasewera mwapamwamba, sabata imodzi, wasewera mosalongosoka, masabata anayi. Kuwonjezera apo, mapointi ankaima. Ukafika pa mlingo wokwerera, ngakhale uphe chilombo chotani, sunkalandira kanthu mpaka utaphunzira.

N'chifukwa chiyani mtengo unali wa nkhanza chotero? M'masewero a nthawi imeneyo ndalama yagolide iliyonse imene watuluka nayo m'phanga inkasanduka pointi imodzi. Gawo lalikulu la mapointi linkachokera ku chuma, osati ku nkhondo. Choncho munthu wofika levulo 4 kapena 5 ankakhala atakundika golide wochuluka kwambiri, wosowa naye chochita. Maphunziro anali ngalande yotayira madzi amenewo. Ngakhale choncho masamu ake ankatsimphina. Mtengambali wa ntchito ya wakuba ankafunika mapointi 1,250 okha kuti afike levulo 2, pamene maphunziro otchipitsitsa anali 1,500. Ndiye kuti ngakhale mapointi ake onse atachokera ku golide, ndipo asadyeko kapena kugula chingwe, ndalama sizinkakwana. Akapatsidwa masabata atatu ndiye 4,500. Wakuba wa levulo 1 ankayamba moyo wake ndi katapila. N'zosadabwitsa kuti magulu ambiri ankangolidumpha lamuloli, ndipo pamene mtundu wachiwiri unatuluka mu 1989 linali loti ofuna atsate, osafuna asiye.

Zopatsa wosewera malikisi zija ine ndinaziyesapo, ndipo ndikuchenjezeni inu makamaka, poti cholembera chofiira chili kale m'thumba mwanu. Tinkasewera pakhonde la mnzathu wina ku Ntcheu, m'chisanu cha mu Julaye, mbaula ili pakati pa miyendo yathu, zitsekerero za mabotolo zikuimira atengambali pa katoni yojambulidwa mizere. Mapointi tinkawerengera ndi nyemba m'kambale. Panali mnyamata wina wamanyazi amene ankasewera wansembe. Sankalankhula kwambiri, ankangoponya dayisi n'kunena kuti wachiza uje. Tsiku lokwera ndinamupatsa masabata atatu, anzake olongolola ndinawapatsa imodzi. Sanatsutse. Anatola nyemba zake n'kuzibwezera m'kambale muja imodzi imodzi, anapinda pepala la mtengambali wake kanayi, n'kuliika m'thumba la jekete. Loweruka lotsatira mpando wake unali wopanda munthu. Ine ndinkati ndikuyeza wansembe wa m'nkhani, koma amene anamva kuti walephera mayeso anali mnyamatayo, pamaso pa anzake, pa masewero amene anabwerera kudzapuma. Patebulo sindinu oyang'anira mayeso, aphunzitsi. Zimenezo zisiyeni ku sukulu Lachisanu masana.

Tsono tibwere ku mtundu umene inu mukusewera. Buku la oyendetsa masewero la 2014 lili nalo lamulo la maphunziro, koma ngati chosankha. Kukwera levulo 2 mpaka 4 ndi masiku 10 ndi golide 20 pa levulo iliyonse. Levulo 5 mpaka 10, masiku 20 ndi golide 40. Levulo 11 mpaka 16, masiku 30 ndi golide 60. Levulo 17 mpaka 20, masiku 40 ndi golide 80. Mukawonkhetsa zonse kuyambira pansi mpaka pamwamba mupeza masiku 490 ndi golide 980. Chovala chankhondo chachitsulo chathunthu m'masewero omwewo ndi golide 1,500. Maphunziro a moyo wonse wa mtengambali ndi otchipa kuposa chovala chimodzi. Olemba a 2014 sankafuna kulanda munthu ndalama, poti golide anasiya kubala mapointi kalekale. Chimene anasiya m'lamulomo ndi masiku.

Ndipo nthenda ya patebulo panu ndi ya masiku, osati ya sukulu. Taonani mmene mapointi aikidwira: 300 kuti ufike levulo 2, 900 levulo 3, 2,700 levulo 4, 6,500 levulo 5. Gulu lolowa m'phanga n'kumamenya nkhondo zingapo tsiku lililonse likhoza kufika levulo 5 pasanathe masabata awiri a m'nkhani. Inu ndi anzanu mwakhala miyezi itatu ya Maloweruka, koma m'dziko la nkhaniyo chimanga chimene anachisiya chikumera sichinafike n'komwe m'mawondo. Mnyamata anachoka pamudzi ndi nkhwangwa yobwereka, akubwerera asanamusowe n'komwe amayi ake, ali woti akhoza kugonjetsa asilikali a mfumu. Chimenechi ndicho chinakunyansani. Fireball uja anangochionetsa poyera.

Pali china chimene muyenera kuvomereza: mapointi aja ndi maphunziro kale. M'Chingerezi amawatcha XP, kutanthauza zimene munthu wakumana nazo. Akulu anati nkhwangwa siithwera pachipala. Wankhondo amene wapulumuka nkhondo makumi awiri m'phanga waphunzira zimene mphunzitsi wa pabwalo sangamuuze, ndipo kumuuza kuti zonsezo n'zachabe mpaka atalipira munthu wokhala m'tauni n'kumulipiritsa kawiri. Za wamatsenga, buku la osewera la 2014 limanena poyera kuti matsenga awiri amene amawonjezera m'buku lake pa levulo iliyonse ndi zipatso za kafukufuku amene wakhala akuchita yekha m'njira monse. Ndiye kuti Fireball uja sanagwe kuchokera kumwamba usiku umenewo. Ankamulemba n'kufufuta pa moto uliwonse umene anagona, kungoti patebulo panalibe amene anazitchula. Theka la vuto lanu likhoza kutha ndi funso limodzi lofunsa nthawi iliyonse gulu likagona: iwe wamatsenga, anzako ali m'tulo, ukuyesa chiyani? Akayankha kwa Maloweruka anayi kuti akulimbana ndi kamoto kamene kamangomuphulikira m'manja n'kumuwaula nsidze, tsiku limene motowo udzamvera palibe adzadabwe.

Komabe sikuti zonse munthu amazitola yekha. Pitani pa galaja iliyonse m'mbali mwa M1. Mnyamata wopatsira masipanala, pakatha zaka ziwiri, amamva ndi khutu kuti injini iyi ikudwala pati, popanda amene anamukhazika pansi. Koma kuti atsegule giyabokosi koyamba, mmisiri amaima pambali pake. Woumba mbiya dzanja lake limafewa ndi kuumba, koma kutentha kwa uvuni ndi kasakanizidwe ka utoto wonyezimira umene mumauona pa makapu a ku Dedza Pottery, zimenezo wina amachita kukuonetsa. Malevulo nawonso ndi otero. Ena amangowonjezera mphamvu pa zimene munthu akudziwa kale. Ena amasintha munthuyo. Levulo 3, pamene atengambali ambiri amasankha njira yawo m'kati mwa ntchito yawo, ndi yosintha munthu. Levulo 5 chimodzimodzi, kenako 11 ndi 17, pamene bukulo limayambira magawo atsopano a mphamvu. Kuika maphunziro pa levulo iliyonse kuli ngati kumanga tologeti ya pa Kalinyeke pa makilomita asanu aliwonse kuyambira ku Linthipe mpaka pa Chingeni. Ngakhale ndalama yake itachepa chotani, ulendo sukoma. Ndipo tologeti yeniyeni imanena chimene ndalama yake ikukachita, kukonza msewu. Yanuyo osewera akufunsa kuti ikukonza chiyani, ndipo pakadali pano yankho palibe.

Ndikanakhala pampando wanu ndikanachita motere. Mphamvu za thupi ndi manambala ang'onoang'ono azikwera pompo gulu likagona pamalo otetezeka, popanda kulipira kapena kupempha. Mapointi asamaime ngakhale tsiku limodzi. Mphunzitsi azifunika pa malevulo anayi aja okha, ndipo osewera adziwiretu. Pamenepo nkhani iime, gulu lonse libwerere kwa anthu, ndipo papite nthawi yooneka, mwezi kapena nyengo yathunthu.

Za nyengozi ndimazikonda kwambiri, ndipo ife kuno tili nazo zokonzeka kale. Masewero otchedwa Pendragon, amene Greg Stafford anatulutsa mu 1985, anamangidwa pa ganizo loti mtengambali amapita ku ulendo kamodzi pa chaka, kenako nyengo yozizira amakhala kwawo, ndipo m'menemo ndimo amakula, kukwatira, kubereka ndi kukalamba. Inu ikani dzinja. Mvula ikagwa mitsinje imadzaza, njira zotsetsereka ngati za kumapiri otsikira ku Golomoti siziyendeka, aliyense ali kumunda. Gulu silingapite kuphanga ngakhale litafuna. Wankhondo akakhale kwa msilikali wokalamba, wamatsenga atsekeredwe ndi mabuku ake, wakuba akalowe m'misika. Masika akafika akumanenso, aliyense atasintha, m'mudzi muli mwana wobadwa kumene ndi manda atsopano. Palibe wosewera amene amakangana ndi mvula. Koma DM akati lipirani golide 40, aliyense amadziwa kuti walankhula ndi DM.

Malipiro asakhale ndalama. Golide 40 wosewera amangofufuta nambala papepala, mawa waiwala. Mphunzitsi apemphe chinthu. Msilikali wokalamba uja anene kuti akuphunzitsa kutema kawiri ukamubweretsera mkondo wa mbale wake umene unatsala ku chigwa kumene anagonja. Mayi wamatsenga avomere kukutsegulira buku lake, koma ulumbire kuti tsiku limene adzakuitane udzabwera, ngakhale uli pakati pa zako. Apa maphunziro ayamba kubala nkhani m'malo moidya. Ndipo mtengambali wapeza munthu womudziwa, womukalipira, woti adani akhoza kumugwira. Atengambali ambiri patebulo ndi ana amasiye oyenda okhaokha, opanda malume, opanda ngongole kwa wina aliyense. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi khalidwe lake, kaya wokonda kutafuna nzimbe uku akutukwana ophunzira, amachiza umasiye umenewu kuposa masamba atatu a mbiri imene wosewera analemba n'kuiwala.

Si onse amene mphunzitsi amawayenera, ndipo apa lamulo la aliyense kwa mphunzitsi limagwa lokha. Pali wamatsenga wochita kubadwa nawo, amene mphamvu zili m'magazi. Pali wochita pangano ndi mzimu wamphamvu. Pali wansembe amene amalandira kwa mulungu wake. Woyambayo mwina adwale malungo masiku asanu n'kudzuka tsitsi litayera mbali imodzi. Wapanganoyo mwini pangano amudzere kutulo kudzakumbutsa za mangawa. Wansembe akagone yekha paphiri. Mabuku akale anali ndi njira ina yowawa: ansembe a m'nkhalango a levulo 12 ankaloledwa asanu ndi anayi okha, ndipo wofuna kukwera malo atadzaza ankayenera kugonjetsa mmodzi wa iwo. Imeneyo isungireni malevulo a pamwamba, ikoma.

Mukafuna chitsanzo cha kukwera kumene kumamveka m'mtima, simusowa kupita kutali. Kwathu kuno munthu sasanduka wamkulu chifukwa zaka zakwana basi. Pali anamkungwi, pali phungu woyenda naye, pali tsiku limene mudzi umamuona akutuluka ndipo kuyambira pamenepo amaitanidwa mwina. Luso anali nalo kale pang'ono, chimene chasintha n'chakuti anthu achitira umboni. Tengani mafupa a zimenezi: kupatulidwa, kulangizidwa, kubwerera ndi dzina kapena chizindikiro. Koma zenizeni za kudambwe kapena za kutsimba musazibweretse patebulo la madayisi. Zili ndi eni ake, ndipo pa anthu asanu a ku Dedza simungadziwe amene mwamuponda. Pekani mwambo wa dziko la m'nkhani yanu.

Chenjezo limodzi lalikulu, limene ine ndinaliphunzira mochedwa. Simungakhale ndi wotchi ziwiri. Ngati mwauza gulu kuti mwana wa mfumu aphedwa mwezi ukakhala, kwatsala masiku atatu, musawauzenso kuti maphunziro ndi masiku 20. Asankha kupulumutsa mwanayo, ndipo adzamenya nkhondo yaikulu ya nkhani yonse ali ndi mphamvu za levulo yakale, mapepala a levulo yatsopano ali m'manja osagwira ntchito. Nkhani zambiri zogula zolembedwa kale ndi za mtundu wothamangawu, n'chifukwa chake lamulo la maphunziro limakanika m'menemo. Ngati yanu ndi yotero, ikani malo opumira pakati pa zigawo, mdani atagonja koma wamkulu wake asanadziwike, ndipo kukwera kwakukulu kugwere pamenepo. Kuti zitheke mosavuta, siyani kuwerengera mapointi a chilombo chilichonse, muzikweza gulu lonse pamodzi likamaliza chinthu chachikulu. Buku la 2014 limalola zimenezo. Zimathandizanso pa vuto lina limene gulu lililonse la kuno limakumana nalo: wina waphonya Maloweruka awiri chifukwa anali kukumba kachewere ku Bembeke kapena anapita ndi matumba ku msika wa Lizulu, wina kunagwa maliro. Munthu wotere asabwere n'kupeza anzake amusiya levulo imodzi kumbuyo, kenako n'kuuzidwanso kuti adikire masiku 20.

Patebulo penipeni maphunziro asadye nthawi. Mphindi zisanu kapena khumi pa munthu zakwana. Funsani wosewera kuti chinamuvuta n'chiyani, mphunzitsi wake anamunena chiyani chimene sadzaiwala, wabwerako ndi chipsera chotani. Aponye dayisi kamodzi ngati mukufuna, koma dayisiyo isalamule zoti akwera kapena ayi. Ilamule zoti mphunzitsi wamukonda kapena wamutulutsa ndi mawu owawa, wamva mphekesera yanji ali kumeneko. Munthu amene wagwira ntchito miyezi itatu kuti afike levulo 5 n'kulephera chifukwa dayisi yagwa pa 3, ameneyo simudzamuonanso. Masewero ena, monga RuneQuest ya 1978 ndi Call of Cthulhu ya 1981, alibe malevulo n'komwe: luso limene wagwiritsa ntchito bwino umaliika chizindikiro, pamapeto n'kuponya dayisi kuona ngati lakula pang'ono. Mukadzaona kuti kulumpha kwa malevulo kukukunyansanibe ngakhale mutachita zonsezi, mwina masewero okuyenerani ndi a mtundu umenewo, kumene munthu amakula ngati tsokonombwe, pang'onopang'ono. Koma musasandutse Dungeons & Dragons kukhala chimene sili.

Tsono za mnzanu amene wati sabweranso. Iye sakukana maphunziro, aphunzitsi. Akukana kusinthidwa kwa malamulo masewero ali m'kati. Pa bawo mukagwirizana kaseweredwe kake, simungayambe malamulo ena pamene mwaona kuti mnzanu akudya. Lamulo lanu linabwera tsiku limene iwo anasangalala, choncho linamveka ngati chilango cha chisangalalocho. Mupiteni kwawo musanafike Loweruka, osati pa WhatsApp ya gulu. Muuzeni chimene chinakuvutani, kuti nkhani ikuthamanga kuposa dziko lake, ndipo mumufunse kuti mtengambali wake akanati aphunzire kwa munthu, akanafuna akhale munthu wotani. Kawirikawiri wonyinyirika kwambiri ndi amene amabwera ndi mphunzitsi wokoma kuposa onse, poti wapeka yekha.

Zimene analandira kale musawalande. Levulo 5 ndi yawo, Fireball ndi wake. Kukwera kwakukulu kotsatira kuli pa 11, kutali, ndiye muli ndi nthawi yodzala aphunzitsiwo m'nkhani kuti gulu liwadziwe lisanawafune. Ndipo moto wa m'phanga uja mukhoza kuugwiritsa ntchito Loweruka likubwerali. Gulu likatuluka n'kufika pamudzi woyamba, pakhale gogo wina wakhala pa mtondo wogwetsa, akusenda chinangwa, amene anaona utsi ukutuluka m'ming'alu ya phiri usiku umenewo. Ayang'ane zala zowauka za wamatsenga uja kwa kanthawi, kenako afunse, osakweza mawu, kuti moto umenewo anamuphunzitsa ndani, poti iye akudziwa anthu atatu okha amene ankautha, ndipo awiri anawaika m'manda yekha.